Mukufuna pakhomo pakongole mu Okutobala? Ntchito yake imayamba kukadali kozizira

Chaka chilichonse zimachitika chimodzimodzi. Seputembala akamapita kumapeto, jakaranda atayamba kuthothola maluwa ake a pepo mumsewu monsemu, foni yanga imayamba kulira. "Asisi, maluwa aja ali pakhonde panu munagula kuti? Ndikufuna ndidzale wikendi ino, mwana wanga ali ndi chinkhoswe pa 20 Okutobala ndiye pakhomo pakongoleko." Ine ndimangoseka kaye, kenako ndimawauza chilungamo kuti mayi mwachedwa, panopa chatsala nkukagula ophuka kale a m'machubu aja kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, mukawalipira mtengo woti mutu uwawa, ndipo theka lake apsa ndi dzuwa chinkhoswecho chisanafike nkomwe. Okutobala ndi mwezi wodyerera. Thukuta lake limakhetsedwa mu Juni ndi Julayi, nthawi imene aliyense wadzikulunga mu bulangete ndipo za maluwa palibe akuziganiza.

Ndiye ndati ndilembe kamodzi nkamodzi momwe ine ndimayendetsera chaka changa, za maluwa, zovala ndi timaulendo tomwe, kuti akandifunsanso ndizingowalozera apa. Sindine mlangizi wa zaulimi ayi, ndine munthu wa lendi ngati ambiri a inu, kabwalo kanga nkakang'ono, madzi amasiya kutuluka nthawi imene afuna, ndipo ndapha maluwa ambirimbiri ndisanadziwe zimene ndikulembazi.

Poyamba penipeni: ngati nyumba si yanu, dzalani m'mapoto

Ili ndi phunziro limene ndinaliphunzira ndi misozi. Nyumba ina imene ndinkakhala ndinadzala marozi 6 pansi, motsatira mpanda, ndinawasamala zaka ziwiri mpaka anthu odutsa amaima nkumasuzumira, kenako tsiku lina a landilodi anangobwera ndi ulemu wonse, kuti mayi pepani mwana wanga akukwatira ndiye nyumbayi akufuna alowemo iyeyo, mwezi ukatha. Munali mu Febuluwale mvula ili pakati, ndinayesa kukumba awiri koma anafera m'njira, enawo ndinawasiya. Kuchokera pamenepo chilichonse chimene ndimachikonda chimakhala mu chinthu choti ndikhoza kunyamula nkukweza pa lole.

Ndipo poto sikuti mpaka mukagule wodula. Ndowa yobooka, beseni losweka, chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 chija mutachidula pakati, tayala lakale, mphika wadothi umene wachita mng'alu, zonsezi ndi mapoto. Amene thumba likulola, mukamadutsa pa Dedza imani pa Dedza Pottery, pamene amaumba ndi kugulitsa ziwiya zadothi, mukadzionere, koma musadzimvere chisoni ngati simungathe. Chofunika ndi mabowo pansi, asanu kapena kuposa, boolani ndi msomali wotentha, apo ayi madzi adzadikha mizu nkuola. Kachinsinsi kanga kena ndi aka: zigubu ndi ndowa zonsezo zipakeni penti wa mtundu umodzi. Zanga nzoyera zonse. Mukazisiya china chachikasu china chabuluu china cholembedwa dzina la mafuta, pakhomo pamaoneka ngati pa dzala, koma mtundu ukangokhala umodzi anthu amayesa munachita kuitanitsa.

Dothi musangokumba katondo wa kuseri kwa nyumba nkuthira, ameneyo akauma amalimba ngati njerwa ndipo madzi amangodutsa m'mbali. Ine ndimasakaniza ndowa ziwiri za dothi lapamwamba lakuda, ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino, ndi ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Manyowa owolerana mumawadziwa ndi mphuno, amanunkhira ngati dothi mvula itangogwa. Akamanunkhabe khola ndiye kuti sanapse, makamaka zitosi za nkhuku, zimenezo zikakhala zaziwisi zimaotcha mizu tsiku limodzi. Mapoto onse akhazikeni pa njerwa ziwiri, asagunde pansi, mudzandithokoza tikafika pa nkhani ya chiswe.

Epulo ndi Meyi, nthawi yotolera

Mvula ikamatsanzika, anthu ali kalikiliki kukolola, ine ndimakhala ndikukolola zanganso. Marigold, zinnia, cosmos, mpendadzuwa, onsewa akamauma mitu ndimadula nkuyanika pa lichero pamthunzi, ikauma ndimafikisa nkusunga njerezo mu maenvelopu, osati mu jumbo, mu pulasitiki zimachita nkhungu. Lembani dzina ndi mtundu pa envelopu. Mudzaganiza kuti mukumbukira, simudzakumbuka.

Iyinso ndi nthawi imene deliya amachita chikasu m'mbali mwa misewu ndi m'mitsinje. Ambiri amangomuona ngati tchire lowawa, koma masamba ake ndi manyowa amphamvu kwambiri, amawola msanga. Ndimatuma ana kukandithyolera matumba awiri atatu, ndimasanja mulu kuseri: mapesi oduladula pansi, deliya pamwamba, ndowe, phulusa pang'ono, dothi, nkubwerezanso, kuwaza madzi, kufunditsa chiguduli. Kutembenuza pakatha milungu itatu iliyonse. Pofika Julayi kompositi wapsa, nthawi yake yeniyeni imene marozi amamufuna. Udzu wouma wophimbira nawonso sonkhanitsani pano, osadikira Ogasiti, nthawi imeneyo osaka mbewa amakhala atatentha tchire lonse.

Mu Epulo momwemu fesani maluwa okonda kuzizira, petunia, pansy, sweet peas, calendula. Kabokosi kapena beseni, dothi losefa, njere musazikwirire kwambiri, za petunia zija nzazing'ono ngati fumbi ndiye mumangowaza pamwamba nkudinda ndi dzanja. Thirirani ndi kheni ya mabowo ang'onoang'ono. Mbande zikakhala ndi masamba anayi wokerani, madzulo, dzuwa litapendeka.

Pali chitsamba china chimene chimandisangalatsa nyengo imeneyi, poinsettia, chija masamba ake a kunsonga amafiira kuti psuu kuyambira cha mu Meyi mpaka Julayi. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo abale athu ali ku UK amachiona m'masitolo pa Khirisimasi, koma kuno chimafiira pakati pa chaka chifukwa chimene chimachifiiritsa ndi usiku wautali, ndipo kwa ife usiku umatalika mu Juni. Ndiye tamverani izi. Changa china chinakhala zaka ziwiri chili chobiriwira, cha aneba chili psuu, ine nkumathira manyowa, nkumadandaula kuti kapena anandipatsa chachimuna. Vuto linali babu la sekyulite limene limayaka usiku wonse pamwamba pake. Nditachisunthira kumdima kuseri kwa bafa, chaka chotsatira chinafiira. Utomoni wake woyera uja umayabwa, ana asamaseweretse.

Juni ndi Julayi, apa ndiye pagona nkhani

Kukuzizira, m'mawa mpweya ukutuluka utsi mkamwa, ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chatseka osaona ndi phiri lomwe. Paja dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene kamvula kameneka kamachokera. Zomera zambiri nthawi imeneyi zili ngati zagona, ndiye ndi mpata wozidula osazipweteka.

Marozi dulirani pakati pa Julayi, mochedwa kwambiri sabata yoyamba ya Ogasiti. Ndikudziwa, mtima umawawa, makamaka likakhala kuti likadali ndi duwa limodzi kunsonga, koma rozi losadulira limangotalika ngati nsungwi nkumakupatsani timaluwa tonyozeka. Pezani sizasi yodulira mitengo yakuthwa, mpeni wobuntha umaphwanya nthambi ndipo pophwanyikapo ndi polowera matenda. Yambani ndi zouma ndi zakuda, chotsani zonse mpaka pansi. Kenako zimene zapingasana pakati, ndi tating'ono toonda kuposa pensulo. Mutsale ndi nthambi zamphamvu zitatu, zinayi kapena zisanu, zoyang'ana kunja, pakati pakhale pongotseguka ngati chikho kuti mphepo izidutsa. Zotsalazo zidulireni cha m'bondo. Podula yang'anani kadiso, kotupa pang'ono kaja pamene panali tsamba, sankhani koyang'ana kunja, dulani pamwamba pake pang'ono mopendeketsa kuti madzi asadikhe pa bala. Kumene kadisoko kayang'ana ndi kumene nthambi yatsopano idzalowere, ndiye mukasankha koyang'ana mkati mwadzipangira nokha chipwirikiti.

Mukatha thotholani masamba onse otsala, sesani a pansi mukatenthe, musawaponye pa kompositi chifukwa ndi amene amasunga matenda a madontho akuda aja. Thirani kompositi, madzi ambiri mpaka alowe pansi, phimbirani ndi udzu. Pakatha milungu 8 kufika 10 mudzaona zimene ndikunena, ndipo mukawerenga bwino mupeza kuti mwagwera mu Seputembala mpaka pakati pa Okutobala, nthawi ya zinkhoswe ija. Mukaona mphukira yochokera pansi penipeni, pansi pa mfundo yomezanitsira, masamba ake osiyana ndi enawo, ithyoleni, imeneyo ndi ya rozi lakutchire limene anamezanitsapo ndipo mukaisiya idzalanda chakudya chonse.

Nthambi zimene mwadulazo musataye. Iyi ndi nyengo yopemphana. Ine maluwa anga ambiri sindinagule, ndinachita kupempha, kutchalitchi, kuntchito, ngakhale pakhomo pa munthu wosamudziwa ndimagogoda pageti, odi kuno, pepani amayi ndasilira duwa lanuli, mungandigawireko kanthambi? Sindinakanidwepo, anthu okonda maluwa amasangalala ukawayamikira, ena mpaka amakupatsa mpando. Chokhacho osathyola mwakuba. Pali chikhulupiriro china choti duwa lakuba ndi limene limaphuka bwino, amenewo ndi mabodza a anthu amanyazi.

Kanthambi kodzala kakhale konenepa ngati pensulo, kotalika ngati chikhatho ndi theka, masentimita 15 mpaka 20, kokhala ndi timaso tinayi kapena tisanu. Pansi dulani mowongoka pafupi ndi kadiso, pamwamba mopendeketsa, kuti musasokoneze nkudzala chadodolido, zimachitika. Chotsani masamba a m'munsi, zikani theka mu chubu cha mchenga wosakaniza ndi dothi pang'ono, ikani pamthunzi, vindikirani ndi botolo la pulasitiki la malita 2 lodula kunsi, chitsekero chake mutachotsa. Dothi lizikhala lonyowa chabe, osati matope. Ndipo chonde musamazule kuti muone ngati mizu yatuluka, ndikudziwa manja amayabwa, dikirani masamba atsopano. Geranium sachedwa, milungu itatu inayi wagwira, ndipo iyeyo mukadula musiyeni agone tsiku limodzi pamthunzi bala liume musanadzale. Frangipani musiyeni sabata yathunthu kapena ziwiri. Bougainvillea ndi wamakani, amatha miyezi iwiri itatu, ndipo pa 10 akagwira anayi thokozani. Ameneyu wodzala chaka chino mudzadyerera chaka chamawa, ndisakunamizeni.

Tsopano chiswe. Udzu wophimbira uja chiswe chimaukonda, chikamaliza udzuwo chimakwera tsinde. Ndiye siyani mpata ngati zala zinayi kuzungulira tsinde, pamenepo wazani phulusa, ndipo sabata iliyonse vundukulani muone. Mapoto a pa njerwa aja chiswe mumachiona msanga chikamamanga kanjira kake kadothi, mumangokankha ndi phazi.

Za zovala nyengo ino sindichulukitsa. Juzi ndi jekete zabwino za pa kaunjika zimagulidwa mu Okutobala, pamene wogulitsa akungofuna zimuchoke, mukadikira Juni mtengo umakhala wawirikiza ndipo zokongola anasankha kale ena. Chitenje chokhuthala chopinda pawiri paphewa, pamwamba pa juzi ya mtundu umodzi, chimaoneka bwino kuposa majekete ena a ubweya wabodza aja. Ndipo ngati muli kummwera, Loweruka lina la chiperoni pitani ku Thyolo mukaone minda ya tiyi ili mbee mu nkhungu. Ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, amalandira alendo olawa tiyi, koma ngakhale kungoyenda mumsewu wa pakati pa mindayo mutanyamula fulasiki yanu, mtima umakhala pansi.

Ogasiti mpaka Okutobala: nkhondo ya madzi, kenako kudyerera

Ogasiti ndi mphepo ndi fumbi. Zochapa zimauma msanga, dothi la m'mapoto nalonso chimodzimodzi. Mukamayenda mumsewu wodutsa m'nkhalango za miombo yang'anani kumapiri, mitengo imatulutsa masamba atsopano ofiira, ena ngati mkuwa, ena ngati vinyo, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, patali munthu nkumayesa maluwa. Anthu ambiri amangodutsa ali pa foni.

Kuyambira apa mpaka mvula, nkhani ndi madzi, ndipo bilu ikabwera bambo a kunyumba amayamba kuyang'ana maluwa ndi diso lofiira. Ndiye tiyeni tichenjere. Thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, masana mukungothirira dzuwa. Thirirani kwambiri koma mwa apo ndi apo, kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi a pamwamba amapangitsa mizu kukhala pamwamba pomwepo ndipo tsiku limene mpopi wauma duwa limagwa nthawi yomweyo. Pisani chala mu dothi mpaka mfundo yachiwiri, mukamva chinyezi dutsani. Mapoto asunthireni pamodzi, mbali imene kumafika dzuwa la m'mawa lokha, akaunjikana amatchingirana.

Madzi otsukira mpunga, masamba ndi mbatata onse amapita ku maluwa. Osamba nawonso ndimagwiritsa ntchito, ndimaika beseni posamba, koma pa maluwa okha ndi pansi, osati pa ndiwo zamasamba zodya zaziwisi. Amene muli jiki, kapena mafuta ambiri a mbale, kapena mchere, amenewo ayi. Kwa rozi kapena kamtengo kamene mumakakonda, tengani botolo la malita 2, boolani timabowo tiwiri titatu kunsi ndi singano, kwirirani pafupi ndi tsinde kukamwa kokha kukuonekera, muzidzaza botololo basi. Mtsuko wadothi wosapaka kanthu umachita bwino koposa, mukaukwirira mpaka m'khosi nkuvindikira umatuluka thukuta pang'onopang'ono mizu nkumamwa. Kapinga musiyeni aume, safa ameneyo, mvula yoyamba adzadzuka yekha. Kuthirira kapinga mu Okutobala ndi ntchito ya anthu a zitsime zawozawo.

Bougainvillea yekha ndiye mumumane dala. Chaka changa choyamba ndinkamuthirira m'mawa ndi madzulo ngati mwana wakhanda, nkumuthira manyowa, iye nkungochita masamba obiriwira ndi minga, duwa olo limodzi, pamene wa pampanda wa nyumba ina yosiyidwa, wopanda womuyang'ana, anali atayaka moto. Amafuna dzuwa lonse ndi ludzu. Dikirani mpaka masamba ayambe kulendewera pang'ono ndiye mumupatse.

Nsabwe za m'masamba zimabwera pa mphukira za marozi nthawi yomweyi, mudzaona nyerere zikukwera ndi kutsika, ndiye kuti zafika. Kasupuni kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, poperani madzulo kunsi kwa masamba, bwerezani pakatha masiku atatu. Masamba a nimu osinja oviika usiku wonse nawonso amathandiza.

Kenako jakaranda uja wafika. Mtengo umenewu kwawo ndi ku South America, koma unakhazikika ngati wa konkuno, Lilongwe, Blantyre, Zomba, Harare, mpaka Pretoria amene amachita kutchedwa mzinda wa jakaranda. Uwoneni, ujambuleni, koma pa kapuloti kakang'ono musaudzale pafupi ndi nyumba, umakula kwambiri ndipo mizu yake imakweza simenti. Mukafuna kujambulitsa pansi pake pitani m'mawa cha m'ma 6 kapena 7, osesa asanadutse, maluwa ali mbwee pansi ngati kapeti ndipo dzuwa lisanayambe kukutsinzinitsani. Valani nsapato, m'maluwa ogwawo mumakhala njuchi, mwana wa mchemwali wanga anaphunzira ndi phazi lotupa. Chovala choyera kapena chachikasu chimawala bwino pa pepo, koma choyeracho osakhala nacho pansi, maluwawo akafinyika amasiya banga. Galimotonso osaimika pansi pake tsiku lonse.

Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, ndipo m'malo mokapanikizana kunyanja kumene aliyense amathamangira, ine ndimawaitanira amayi pakhomo. Cha m'ma 4 madzulo, mthunzi utafika pabwalo, ndimawaza madzi pansi kuti fumbi ligone, tebulo ndimayala chitenje chimodzi chosita bwino, makapu abwino aja amene amangokhala mu kabati kudikira alendo osabwera ndimawatulutsa. Tiyi wa mandimu kapena lemon grass wa pakhomo pomwepo, juwisi wa chidede wozizira, zitumbuwa, mbatata yootcha, mtedza wokazinga. Maluwa a patebulo dulani m'mawa kwambiri, muwaponye mu ndowa ya madzi nthawi yomweyo, chotsani masamba onse amene angamire, onjezani kasupuni ka shuga, ndipo madzi muzisintha tsiku lililonse. Marozi atatu mu botolo loyera la jamu akwana, osachita kudzaza ngati pa maliro. Bougainvillea mu vazi safika madzulo, amafota, ndiye ameneyo musiyeni pa mtengo wake. Frangipani tolani ogwa okha, ayandamitseni mu mbale ya madzi, fungo lake madzulo amayi adzafunsa kuti mwapopera chani.

Chovala cha nyengo ino chikhale cha thonje. Chitenje china chimawala bwino pa shopu koma ndi pulasitiki, mu Okutobala mudzaphikamo ngati mkate wa nthochi. Chifinyeni m'manja, cha thonje chimakwinyika ndipo chikachapidwa chimafewa. Chichapeni musanapite nacho kwa telala kuti chibwerere chokha ndi kutaya utoto wotsala, apo ayi diresi idzakuthinani mukangochapa kamodzi. Ndipo kwa telala pitani mu Ogasiti. Seputembala ndi Okutobala amakhala atadzaza ndi mayunifomu a maukwati ndi ma bridal shower, adzakuuzani kuti bwerani Lachisanu, Lachisanu lake osafika.

Kukatentha zedi, thawirani ku Zomba

Kuchigwa cha Shire nthawi imeneyi kumapitirira madigiri 40, m'mizinda namonso usiku tulo osabwera. Tsiku limodzi lokha pa phiri la Zomba limakubwezeretsa umunthu. Kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono, ndiye mukanyamuka 6 koloko mumakhala ndi tsiku lonse.

Yambirani m'munsi, ku Botanical Gardens, munda umene unayambika cha m'ma 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera yemwe dzina lake lili pa dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Muli mitengo ikuluikulu yakalekale, nsungwi, mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa, ndipo kwa munthu wokonda zomera ndi sukulu yeniyeni chifukwa umaona kuti kamtengo kamene ukufuna kudzala pakhomo kadzakula bwanji pakatha zaka 50. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndiye nyumba zakale zija ndi mitengo yake zikadalipo, yendani pang'ono wapansi.

Kenako kwerani. Msewu ndi wokhotakhota, woyendetsa asathamange. M'njira anyamata amagulitsa sitiroberi ndi zipatso zina za kuphiri m'timbale, nenererani mtengo mwaulemu, ndipo yang'anani za pansi pa mbale osati za pamwamba zokha. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje lakuya lotchedwa Chingwe's Hole, ndi malo awiri oonera patali, Queen's View ndi Emperor's View, kumene anaimako Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. Kukakhala kopanda utsi mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, koma mu Okutobala nthawi zambiri kumachita chifunga cha moto wa tchire, ndiye okonda zithunzi zakuthwa abwerenso mu Meyi. Tengani wokuperekezani wa konko, njira za m'nkhalango zimafanana. Nsapato zafulati, kajuzi kopepuka ngakhale kumunsi kukuotcha, ndipo chakudya musachisiye poyera, anyani a kumeneko alibe manyazi.

Mvula ikabwera

Kamvula koyamba ka mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, chizimalupsa, kasakupusitseni. Fungo la dothi limakoma, manja amayabwa, koma pambuyo pake pamatha kubwera milungu iwiri itatu ya dzuwa loopsa. Dikirani mvula ikhazikike, dothi linyowe kuya ngati chikhatho chonse, ndiye mufese njere za mu maenvelopu zija ndi kuwokera timitengo ta m'machubu. Zinnia ndi marigold mumangomwaza, pakatha miyezi iwiri bwalo ladzaza. Nthawi yomweyi flamboyant, wa ku Madagascar uja, amakhala atalandira udindo kwa jakaranda, misewu yasintha kuchoka pa pepo kupita pa kufiira.

M'dzinja ntchito imatembenuka, tsopano mdani ndi madzi ochuluka. Chotsani timbale ta pansi pa mapoto, mumaswana udzudzu. Geranium, alovera ndi ena a masamba onenepa alowetseni pakhonde, mvula ya Januwale imawaoletsa. Nkhono zitoleni m'mawa ndi manja. Marozi adzachita madontho akuda ndithu, thotholani masamba odwalawo, musataye mtima. Mukaona kutchire duwa lofiira ndi chikasu lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, likuyanga pa zitsamba cha mu Disembala ndi Januwale, limenelo ndi flame lily, duwa la fuko la Zimbabwe. Lokongola zedi koma chomera chonsecho ndi poizoni, makamaka kachinangwa kake ka pansi, ndiye pakhomo pa ana ndi ziweto ine sindilola.

Amene muli ndi galimoto yamphamvu komanso mtima wolimba, Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya Nyika. Paki imeneyi, yaikulu kuposa onse m'Malawi muno, ili ndi mitundu ya ma orchid yoposa 200 ndipo yambiri imaphuka m'dzinja, mapiri a udzu aja amangoti waa timaluwa, mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya pakati pake. Kuchokera pa Rumphi kukafika ku Chelinda, kumene kuli malo ogona alendo mkati mwa pakiyi, kudzera pa geti la Thazima ndi makilomita oposa 100 a msewu wovuta, mvula ikagwa kumaterera, ndiye kagalimoto kotsika kasiyeni kunyumba, mafuta dzazani pa Rumphi, ndipo nyamulani zofunda zenizeni chifukwa usiku kumazizira ngakhale mu Febuluwale. Kumeneko nkongoona ndi maso. Musakumbe kuti mukadzale kwanu, ndi mlandu, komanso ma orchid a pansiwa amadalira nkhungu za m'dothi la komweko ndiye pakhomo panu adzangofa. Paja ena mwa iwo akuchepa kale chifukwa timbatata take ndi timene amapangira chinaka, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda.

Febuluwale ndi Malichi ine ndimangopalira, kumangirira zimene mphepo yagwetsa, ndi kudula mitu yofota kuti maluwa apitirire. Ndimayendanso ndi kabuku kanga m'chikwama, ndikaona duwa labwino pakhomo pa munthu ndimalemba kuti geti labuluu pafupi ndi chigayo, hibiscus wa pichesi, kuti Julayi akafika ndikagogode. Chaka chino pa mndandanda pali makomo 7, ndipo limodzi lili ndi agalu awiri, ndikuganizabe kuti ndikalowa bwanji.